Chitsulo cha akamwini ulendo wa ku Bentley

Ndinanyamuka ku Morley m'mawa, masiki pakamwa, chitsulo m'thumba la jekete. Mudziwe kaye kuti ine Chimbalanga ndinapha nguluwe ndi gogodela ku Mchinji ambiri a inu musanabadwe. Kuno ku Perth ndinangobwera kudzaona mwana wanga Esinati, namwino, korona n'kutseka njira.

Akamwini anga ali ndi chilolezo cha mfuti, ndipo zipolopolo amapanga okha m'garaja. Chitsulo chimenechi ndi chokhazikira chipolopolo m'chigoba chake chamkuwa. Tsono chinayamba misala: chipolopolo china chalowa kwambiri, china chaima ngati munthu woledzera. Mpikisano wa kukalabu kwawo unali pafupi, iwo ali pa mbindikiro wa korona m'chipinda. Ndinati ndipita ndine kwa wokonza mfuti. Nyumba ya mlenje isachite manyazi ine ndilipo.

M'basi ndalama anakana. Esinati anandipatsa khadi, ndinaligunditsa pakamakina, kanalira. Ndinagunditsanso kuti katsimikize, dalaivala n'kugwira mutu.

M'tauni ndinasokonezeka. Mabasi onse nkhope imodzi! Ndinafuula m'Chichewa kuti, "Ya ku Bentley ndi iti?" Azungu anabalalika, koma mayi wina wa ku Zambia anatembenuka.

"Atate, musapunde, bazaganiza muli na korona. Kwelani iyi."

"Ndikukuwa ine? Ndikungolankhula, mayi."

Anandigawira chitumbuwa cha nyama mkati. Ndinaluma masiki ili pakamwa, ndaiwala.

Dzuwa lili pamutu ndinafika kusitolo ya wokonza mfutiyo. Mzungu wadazi, ndisanatsegule pakamwa, anati, "Mista Chimbalanga!" Wandidziwa bwanji? Ndinati kapena mbiri ya nguluwe inafika kuno. Patebulo anali atayala kale thonje ndi kabotolo ka mankhwala otsukira.

Anamasula chitsulo chija, n'kutokosa mkati ndi kamtengo. Munatuluka phala lakuda, lolimba. Ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kulira ngati nkhumba.

Apa mutu unazungulira. Inde, ndine ndinapaka mafuta a nkhumba, otsala m'pani wokazingira, akamwini ali kuntchito kwawo kumgodi. Chitsulo chouma ndi chitsulo chamasiye. Gogodela wanga ankadya mafuta amenewo osadandaula. Mzungu anandionetsa ndi zala kuti mafutawo aunjikana pamene mutu wa chipolopolo umagunda, ndiye chimakankhika mopitirira, mokhota. Ndinamuuza kuti zitsulo zakuno n'zofooka m'mimba. Sanamve, anangogwedeza mutu. Anatsuka, anayesa ndi chigoba chopanda onga, chipolopolo chinakhala chilili ngati msilikali.

M'basi yobwerera ndi m'mene thonje lija linayamba kundivuta. Analiyala bwanji asanaone matenda? Dzina langa anamuuza ndani?

Madzulo ndinaima pawindo la akamwini, ndinakweza chitsulo m'mwamba.

"Chachira!"

"Zikomo kwambiri, bambo. Anati chinali chiyani?"

"Fumbi la kuno."

"Ndimaganiza choncho, bambo," anatero, maso ali pansi. "Fumbi lake ndi loipa."

Kukhitchini Esinati anatsokomola chitsokomolo chosakhala cha korona, ndipo pani uja sindinamuonenso pamene ndinkamupeza.

Kwathu mkamwini sauza apongozi ake kuti alakwa, zimenezo ndikudziwa. Koma kuti angawakweze mabasi awiri kuti akamve kwa mzungu wolira ngati nkhumba, izi ndaphunzira ku Perth. Mpaka lero sindidziwa amene anapita kukakonzedwa tsiku lija, chitsulo kapena ine.