Haswell ndi Nkhope Yake Imodzi

Haswell Mtonga ndiye ankalemba zikwangwani za pa Msika wa Lundazi m'zaka za m'ma 1990. Munthu akabwera ndi ntchito, iye ankamufunsa zinthu zitatu: penti yapansi ikhale ya mtundu wanji, zilembo zikule bwanji, ndipo pakhale chithunzi chanji. Wongoyankha kuti "mukongoletse chabe" ankaziputa dala, chifukwa Haswell ankadziwa kujambula nkhope imodzi basi, ya mkazi wake NyaLungu.

Nkhopeyo inali pa saluni, pa chigayo, ngakhale pa sitolo ya feteleza, ndipo mwini nkhope sankadandaula. Zinavuta mu 1996, mwini thaveni wina atayankha mawu omwe aja. Kutacha, anthu onse a pa boma anaona NyaLungu, mtsogoleri wa amayi a Umanyano ku tchalitchi, akumwetulira pakhoma la thaveniyo, chipanda cha mowa chili m'manja.

"A Mtonga," anatero NyaLungu, "mawa amayi akumana kuti andichotse paudindo. Kafufuteni."

"Mwini wake wakana. Akuti makasitomala achuluka."

"Ndiye muzikadya kuthaveni komweko."

Haswell ananyamula burashi. Sanafufute kanthu, anangowonjezera ndevu ndi chipewa, nkhope ija n'kusanduka ya mwamuna. Udindo wa NyaLungu unapulumuka, koma ndevuzo zinatulutsa munthu wina amene aliyense anamuzindikira: mlongo wake wa NyaLungu, mkulu wa mpingo ku Mphamba. Mkuluyo atamva anapalasa njinga kudzadzionera yekha, ndipo anayang'ana khomalo nthawi yaitali.

"Mlamu," anatero, "mukanandiveka chipewa changa chatsopano chija."