A Giyawani ndi Batire Losakhuta

Dzina loti a Giyawani, kutanthauza giya yoyamba ya galimoto, anawapatsa ndi ophunzira, ndipo linawamatirira ngati chingamu kumpando. Munthuyu anayendetsa basi za maulendo ataliatali kuyambira ali mnyamata mpaka bondo lakumanzere litakana kuponda kilachi. Atatsika m'basi anabwera kusukulu yathu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, kumene ine ndimakhala pa desiki yolandirira anthu, nayamba kuphunzitsa malamulo a pamsewu m'kachipinda ka kuseri.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Vuto linali liwiro. Chikwangwani chimodzi chokha, cha ng'ombe zodutsa pamsewu, chinkatha kudya m'mawa wonse, chifukwa ng'ombe iliyonse imene anakumana nayo inali ndi mtundu wake, khalidwe lake ndi mwini wake wamwano. Ophunzira ankatuluka m'kachipindamo akudziwa bwino mbiri ya ng'ombe, koma osadziwa amene ayenera kuyamba kudutsa pamphambano.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawapatsa laputopu yake yakale ataikamo zithunzi za zikwangwani ndi mavidiyo a magalimoto akupatsana mpata. Tinailumikiza ku TV ya pakhoma. A Giyawani ankaipukuta ndi mpango m'mawa uliwonse ngati galasi la basi, ndipo akamaitsegula ankayamba atsokomola kuti anthu ayang'ane.

Kenaka inayamba matenda. Waya ali m'soketi, kanyale kakuyaka, sikirini ikunena kuti batire likudzaza, koma nambala ikungotsika. Phunziro lisanafike pakati, TV inkangoti bii.

"Achemwali," anandiitana tsiku loyamba, "tabwerani muone. Ikudya koma ikuonda."

Ndinasuzumira ndipo ndinati mwina batire lakalamba.

"Batire silinalakwe," anatero akugwedeza chala. "Basi ikamayenda, batire n'kumatha, wolakwa ndi alitineta, kamakina kodzaza batire. Funso ndi lakuti alitineta ya chinthuchi anaibisa pati."

Kuyambira pamenepo, TV ikangozima phunziro linkathera pomwepo, chifukwa aphunzitsi ankakwawira pansi pa tebulo n'kuyamba kufufuza. Ophunzira ankatola zikwama mwakachetechete. Anasintha soketi. Anaphwasula pulagi n'kuimanganso, kasikulu kamodzi n'kutsala. Anaikweza laputopuyo pa zitsekerero za mabotolo kuti izipuma pansi, poti injini yotentha imamwa mafuta. Wophunzira wina, mayi wogulitsa nsapato amene ankafulumira kukatsegula shopu yake, anawauza kuti kuwala kwa sikirini kumadya moto. Anakuchepetsa mpaka iwo eniake osaona chimene akudina, moti tsiku lina m'malo mwa chikwangwani cha njanji, kalasi yonse inaonera zithunzi za mdzukulu wawo akusamba m'beseni.

Koma panachitika chinthu chimene palibe anachiyembekezera. Poona kuti batire likuwathamangitsa, a Giyawani anayamba kusintha magiya. Ankati diso limodzi pa ophunzira, lina pa kanambala kaja. "Ichi, ima. Ichi, usalowe. Ichi, ng'ombe, mukuzidziwa kale, tiyeni." Gulu limenelo linakhoza mayeso lonse kupatula mmodzi, ndipo ameneyo anafika mochedwa. Abwana anawagwira chanza pamaso pa tonse n'kunena kuti ukalamba ndi nzeru. A Giyawani anavomera ulemuwo ndi nkhope ya maliro.

"Ana amenewa ndawanamiza," anandiuza abwana atachoka. "Akhoza, inde, koma sakudziwa kanthu. Adzakumana ndi ng'ombe."

Anagula batire latsopano, ngakhale anali atalumbira kuti lakale silinalakwe. Latsopanolo linayamba kuonda tsiku lomwelo. Pamenepo anagonja, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze kwa mayi wina wokonza makompyuta mumsewu wa kuseri kwathu, m'kashopu kodzaza mawaya ndi mafani akufa. Ankafuna mboni.

Mayiyo anamvetsera mbiri yonse, kuyambira ku zitsekerero, kwinaku akutembenuza chaja m'manja. Anawerenga timalemba ta pamsana pa chajacho, nawerenganso ta pansi pa laputopu.

"Bambo, chaja ichi chinabwera ndi laputopuyi?"

A Giyawani anayang'ana kudenga. Kenaka anafotokoza kuti choyambacho chinatafunidwa ndi khoswe m'kabati, ndipo sanafune kudandaulitsa mwana wawo, choncho anakagula china pamsika. Anachiyesa pomwepo, ndipo chinalowa bwinobwino.

"Kulowa kokha chalowa," anatero mayiyo. "Koma ndi cha kamakina kakang'ono. Moto umene chikupereka ndi wochepa. Laputopu ikakhala yozima, batire limadzaza pang'onopang'ono. Mukaiyatsa, n'kuikapo vidiyo ndi TV, imadya kuposa umene ukulowa, ndiye wotsalawo imakatapa m'batire."

Ine ndinayembekezera manyazi. A Giyawani anawomba m'manja kamodzi n'kutembenukira kwa ine, maso akuwala.

"Achemwali, mwamva? Alitineta! Ndinanena chiyani ine tsiku loyamba? Kungoti opanga chinthuchi anaiika panja."

Mayiyo anafuna kuyankha, koma anangoseka n'kukatenga chaja choyenera pa shelefu. Pobwerera a Giyawani ankayenda patsogolo, bondo lija litaiwala kuwawa.

M'mawa mwake nambala inakwera mpaka kudzaza, n'kukhala pomwepo osasuntha. Aphunzitsi anaiyang'ana mwachikondi, anakhala pansi, anavula jekete n'kuipachika pampando. Ndili pa desiki ndinamva mawu awo akutsika, akukhazikika.

"Tsono ana anga, tisanapite patsogolo, pali ng'ombe ina ya mawanga imene ndinakumana nayo pamlatho."

Gulu latsopano la ophunzira linali litamva mbiri yoti kuno phunziro silichedwa. Linapirira kwa kanthawi. Kenaka bambo wina wometa tsitsi, amene ankakhala kumbuyo pafupi ndi khoma, anatulukira kuti swichi ya soketi ili pafupi ndi chidendene chake. Ankaizimitsa phunziro likangoyamba, poganiza kuti nambala ikayamba kutsika aphunzitsi afulumira. Koma wometayo sanadziwe kuti batire linali latsopano. Popanda chaja chabodza chija, linkagwira moto mpaka masana, ndipo a Giyawani, poona nambala ikutsikanso, sanakwawirenso pansi pa tebulo. Anali atasanduka katswiri. Ankaimitsa za pamsewu n'kuyamba phunziro lina la momwe moto umalowera ndi kutuluka m'batire, akujambula alitineta pa bolodi, mpaka atafika pa swichi ija n'kuiyatsa ndi nsonga ya ndodo yawo. Akatero ankabwerera pamene analekezera.

Wometa tsitsi uja anasamukira kumpando wakutsogolo.

A Giyawani akadali nafe. Abwana anayesa kuwapempha kuti abwerere ku liwiro lija, koma iwo anayankha kuti ngoziyo inali ya kamodzi. Masiku ano aliyense wolowa pakhomo pathu atanyamula foni kapena laputopu amayamba waonetsa chaja chake, ndipo iwo amavala magalasi n'kuwerenga timalemba tija mokweza. Sabata yatha analanda cha abwana n'kuchitsekera m'dirowa, ati ndi chabodza. Abwana akutchajira pa desiki yanga.