Tivi Yaikulu ndi Nsungwi Yake

Chaka chimene malaiti anafika m'nyumba yathu pa boma la Chadiza, ndinalumbira kuti ndigula tivi yoti anthu aziikamba. Ndinali kalaliki wamba, malipiro ochepa, koma mtima unali wa bwana. Ndinkafuna yaikulu, yotchipa, yosapitapita kwa okonza.

Akazi anga anati, "Abambo, tigule kakang'ono ku Chipata, katsopano."

"Kakang'ono? Alendo aziti chiyani?"

Kenaka ndinamva za mkulu wina wa ku Zemba amene anapuma ntchito kumigodi. Anabwera ndi tivi kumudzi kopanda malaiti, ndipo ankaigulitsa motchipa. Ndinapalasa njinga kukaiona. Atavundukula chitenje, ndinaona chibokosi chamatabwa cha miyendo inayi, chotalika kufika m'chiuno mwanga. Ndinachiyeza ndi mikono, mtima nkukhala pansi.

"Imavutavuta?" ndinafunsa.

"Chibwerereni kuno, sinaonepo wokonza," anatero mkuluyo.

Sananame. Chibwerereni inali isanayatsidwepo. Izi ndinaziganiza mochedwa, tili kale pa ngolo, ng'ombe zikukoka, ine nditakumbatira katundu wanga ngati mkwatibwi. Polowa pa boma ndinapempha woyendetsa kuti adzere kumsika, ngakhale njirayo inali yozungulira.

Pakhomo inakana kulowa. Tinazula chitseko ndi mafelemu ake, akazi anga atagwira m'chiuno. Titayatsa, inalira ngati mvula ya pa malata, pagalasi pali timadontho tokhatokha. Aphunzitsi oyandikana nafe anati vuto ndi eriyo, ikufunika pamwamba. Ndinadula nsungwi yaitali kumtsinje, nkumangirira eriyoyo kunsonga kwake, nkuimika kuseri kwa nyumba.

Loweruka masana kunali mpira. Anthu anadzaza m'nyumba, ena pamphasa, ena pawindo. Ndinatuluka kukapotoza nsungwi pang'ono chabe.

"Pomwepo!" anakuwa aphunzitsi. "Aoneka anthu!"

Nditangosiya, onse anabuula. "Zapita! Gwiraninso!"

Ndinagwira. Kamphepo kakangodutsa, chithunzi chinkathawa, choncho ndinaima pamenepo mpira wonse, dzuwa lili pamutu, nyerere zikukwera m'miyendo. Chigoli ndinachimva ndi makutu. Nditafunsa kuti wagoletsa ndani, anangondikuwira kuti ndigwire bwino.

Ndinayesa kumanga nsungwiyo ndi luzi, ndi waya, ngakhale ndi mphira wa njinga, koma inkamvera dzanja lokha. Mwina ndikanapempha wina kuti tizisinthana, koma ndinkadziuza kuti palibenso wodziwa kuigwira ngati ine. Loweruka lililonse malo anga anali omwewo, mpaka udzu unafa pomwe ndinkaima.

Tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina wachikulire amene ankabwera kudzaonera anakoka akazi anga pambali, ine ndili pafupi.

"Tivi yanu ija ndi yabwino, mwana wanga. Nanga bambo ogwira nsungwi aja mumawalipira?"

Akazi anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Timangowapatsa chakudya, amayi," anatero. "Sadandaula."