Khadi lopanda fani limene ndinapatsa alamu anga

Ndinanamiza alamu anga pa kanthu kakang'ono koti kakhoza kulowa m'thumba la malaya, ndipo chifukwa cha bodza limenelo mkazi wanga anataya gawo lachonde la munda wa mayi ake. Inu owerenga, ndalemba izi kuti musadzachite zimene ndinachita ine, poti mtima wanga sunakhalenso m'malo.

Zinali zaka zija mavidiyo a ukwati atangotchuka kuno ku Phalombe. Ndinali ndi kashopu pa Boma, ndinkajambula maukwati n'kumabena, kapena kuti kukopera, pa madividi. Mlongo wake wa mkazi wanga, a Yohane, ndinawaphunzitsa ntchitoyi ndine, nawonso n'kutsegula kashopu kawo kuseri kwa msika. Makompyuta athu anali akale, vidiyo inkangodukaduka. Ndiye tinasonkha ndalama kuti ndipite ku Limbe ndikagule makhadi a gilafikisi awiri, lina langa lina lawo. Khadi limeneli timalilowetsa m'kati mwa kompyuta kuti zithunzi ziziyenda bwino.

Makatoni ake anali ofanana ngati mapasa. Dzina limodzi, nambala imodzi, mtengo umodzimodzi, ndipo wogulitsayo anachita kulumbira kuti ndi katundu mmodzi. Koma nditafika kushopu n'kutsegula, ha! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khadi limodzi linali ndi fani yoziziritsira, linalo linali ndi kachitsulo chabe. Nditawayesa onse m'kompyuta yanga, ndinapeza kuti lopanda fanilo linali ndi theka la memole, ndiye kuti mphamvu yake, imene inalembedwa pakatoni, ndipo pasanathe ola linatentha moti chala sichikanakhalapo.

Chanzeru chinali kubwerera nalo ku Limbe, kapena kungowauza alamu zoona. Koma ndikaganiza za minibasi ndi fumbi la msewu uja, Loweruka ndili ndi ukwati wojambula, ulesi ndi dyera zinandigwira. Labwinolo ndinaika mwanga. Linalo ndinalibwezera m'katoni, n'kupita kukawaikira ndekha, masikuluwu n'kumanga zolimba kuti asamatsegule. A Yohane anandithokoza mpaka kundigulira chakumwa, akuseka kuti mkamwini wotere ngosowa. Ndinamwa, abale, osachita manyazi.

Nthawi imeneyo apongozi anga anali akudwala ku Nkhulambe. Kwathu kuno munda umatsata ana aakazi, ndipo wawo unayenera kukhala wa mkazi wanga. Koma ana a mng'ono wawo, amene munda wawo unachita malire ndi umenewo, anali atayamba kale kunena kuti gawo lonse lakudambo ndi lawo. Apongozi ataona kuti mphamvu zikutha, anauza a Yohane kuti abwere ndi kamera. Anawakweza panjinga, wina akuwagwiririra, n'kuzungulira nawo munda wonse. A Yohane akujambula, apongozi ankaloza malire kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa mango, akutchula m'Chilomwe amene anawapatsa malowo ndi amene akuwasiyira.

A Yohane analowetsa vidiyoyo m'kompyuta yawo. Tsono ife tinali ndi chizolowezi chimodzi: matepi anali odula ndi osowa, ndiye ntchito ikangolowa m'kompyuta, tepiyo tinkajambuliramo ukwati wotsatira. Ndine ndemwe ndinawaphunzitsa zimenezo. Loweruka lomwelo mawu a apongozi anafufutika patepi, n'kutsala malo amodzi okha, m'kompyuta ya khadi lotentha ija.

Zizindikiro zinayamba. Pasikirini pankadutsa mizere yobiriwira, nkhope za anthu n'kumasweka. Kenako kompyuta inayamba kuzima yokha asanamalize kubena dividi. A Yohane anabwera kwa ine katatu konse. Koyamba ndinati ndi magetsi ongothimathimawa. Kachiwiri ndinati ndi fumbi. Kachitatu anabwera nkhope ili yakugwa.

"Alamu, makina aja akununkha ngati pulasitiki yopsa. Bwanji ndibweretse vidiyo ya amayi, tidzamalizire pa anuwa?"

Inu owerenga, apa ndi pamene ndimadzida. Ndinaopa kuti akaona liwiro la kompyuta yanga adzazindikira. Ndinati yanga yadzaza ndi maukwati, adikire mwezi uthe. Tsiku lililonse ndikamadutsa kuseri kwa msika ndinkadziona ngati munthu woti akudziwa kuti m'denga muli njoka koma osauza ogonamo. Komabe ndinkangodutsa.

Apongozi anamwalira mwezi usanathe, nyengo yotentha ija. Titameta, akubanja anaika tsiku lokambirana za munda. A Yohane anakhala pansi masana ena kuti amalize dividiyo zivute zitani. Akuti kunangomveka phu! Utsi n'kutuluka kumbuyo kwa kompyuta. Khadi linapsa, n'kupsereza ndi zina zonse za m'katimo.

Anafika kushopu kwanga akuthamanga, hadi disiki, yomwe imasunga zonse za m'kompyuta, ili m'manja, mkazi wanga ali pambuyo. Anandipempha kuti tiiyese m'kompyuta yanga. Ndikanakana bwanji pamaso pa mkazi wanga? Ndinamasula masikuluwu n'kuilumikiza. Hadi disiki sinadzuke, inali itafa. Koma maso a a Yohane sanali pamenepo. Ankayang'ana khadi langa, fani yake ikuzungulira bwinobwino. Anatulutsa lawo lakuda lija m'thumba, n'kuwerenga nambala, n'kuwerenganso yanga.

"Alamu, lanuli bwanji lili ndi fani?"

A Yohane, amene tinkaseka nawo tsiku ndi tsiku aja, anangoika khadi lopsalo patebulo langa n'kutuluka. Mkazi wanga anatsala ataima pakhomo. Sanalire, sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Bambo a Tadala, munkadziwa?" Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Tinapita nayo hadi disikiyo kwa amisiri awiri ku Blantyre, onse anati palibe chingatuluke. Pa tsiku la zokambirana, a Yohane anafotokoza zonse zimene mayi awo ananena, koma enawo anangoti mlongo sangalephere kuikira kumbuyo mlongo wake. Amene anagwiririra apongozi panjinga uja anali wa mbali ya enawo, ndipo anati sakukumbuka kanthu. Gawo lakudambo, lomwe linkadyetsa banja, linapita. Mkazi wanga anatsala ndi kachigawo kamiyala kumtunda.

Inu amene mumagula zipangizo zamakompyuta, musakhulupirire katoni. Zinthu ziwiri zikhoza kukhala ndi dzina limodzi ndi mtengo umodzi koma m'kati zili zosiyana kutalitali. Tsegulani pomwepo m'sitolo, yang'anani, yesani, wogulitsa akakana musiyireni katundu wake. Ntchito ya munthu musaisunge malo amodzi, ndipo tepi musaifufute dividi isanatuluke. Koma chachikulu n'chakuti mukaona cholakwika, nenani tsiku lomwelo. Ine ndinkaganiza kuti ndikungopusitsa alamu pang'ono, osadziwa kuti ndikuwotcha mawu omaliza a mayi wa mkazi wanga.

A Yohane anasiya ntchito ya mavidiyo, ndipo tikakumana amandipatsa moni ngati mlendo. Mkazi wanga sanandithamangitse, ngakhale akanatero palibe akanamudzudzula. Chaka chilichonse nandolo akacha, abale ake aja amatitumizira kambale kamodzi kochokera kudambo kuja, ati mphatso. Iye amalandira, amaphika bwinobwino, n'kundiikira patebulo. Iye sadyako, amangokhala pamenepo kudikira kuti ndimalize.