Nkhuku Zosososledwa Zamoyo ku Chelstone

Munali mu 2019, ndili ndi zaka 71. Ndinkaweta nkhuku zoyera zanyama kuseri kwa nyumba yanga ku Chelstone. Amayi atatu a pamsika wa Kabwata ndiwo ankandigula, zamoyo, chaka ndi chaka. Sanabwezepo nkhuku yanga.

Okutobala ameneyo kunatentha koopsa. Nkhuku zinkangoti kukamwa yasa, zina n'kufa. Mkamwini wanga, amene tinkakhala naye chithereni ntchito yake, anandionetsa chithunzi pafoni: tambala wofiira ngati nyama ya pambale, wopanda nthenga ndi imodzi yomwe, ali chilili. Anati kumaiko akunja akuweta mtundu wotere. Sizimva kutentha, chakudya chonse chimapita ku mnofu, osauka adzadya nkhuku yotchipa. Ndinam'bwezera foniyo osayankha. Ndinkayesa wamva.

Loweruka, pochokera kumaliro ku Libala, ndinaona nthenga pageti. Kuseri ndinapeza mkamwini uja atakhalira ndowa, nkhuku ili pakati pa mawondo, akuisosola yamoyo. Zimene anali atamaliza zinaunjikana pakona, zikunjenjemera, m'mapiko muli magazi.

Kwathu ku Katete mkamwini sadzudzulidwa pamaso. Mawu amadzera kwa mkazi wake. Mwana wangayo anali kuntchito ku Cairo Road, foni yake yothima.

Ndinatsokomola. "Apongozi, mwatopa. Kapumuleni."

"Ayi ba tate, mphamvu zilipo. Onani mmene zapepukira."

"Zikulira."

"Ngakhale mwana amalira pometedwa, ba tate."

Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pampando, jekete la kumaliro lili m'thupi. Nkhuku iliyonse ndinaimva kulira kwake.

Mwana wanga atafika madzulo, ndinayang'ana iyeyo, mwamuna wake ali pakhomo.

"Uwafunse amuna ako ngati tambala wa pafoni uja anachita kum'sosola."

Anathamangira kuseri, n'kubwerako atagwira pakamwa. "Inu, za pafoni zija zimaswedwa choncho!"

"Nanga zasiyana pati?" anatero mkamwini. "Kuvula n'kuvula."

"Uwauze," ndinatero, "kuti ngakhale yoswedwa choncho siidzaponda pakhomo pano."

Zososoledwa zija udzudzu unaziluma. Dzuwa linaziwaula msana. Zanthenga zinayamba kujompha zilonda za zinzake, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatola zakufa.

Sabata yotsatira ndinatengera ku Kabwata zanthenga zokhazokha. Koma mbiri inali itafika kale: mnansi wina anasuzumira pampanda n'kukanena kuti m'khola mwanga mwagwa matenda othothola nthenga. Wamkulu wa amayi aja, Mbemba wa ku Luapula, sanakhudze n'komwe dengu langa. Ananditchula agogo m'chiyankhulo chakwawo.

"Ba shikulu, zamaliseche zija mwazisiya kuti? Kapena izi mwachita kuziveka?"

Anzake anaseka. Zoti mkamwini wanga ndiye anachita sindikanazinena pamsika. Ndinakweza dengu m'minibasi n'kubwerera.

Mkamwini uja anasosola 60. Zinafa 44. Zotsala 16 anadya okha a m'nyumba, ine osalawa. Amayi a ku Kabwata onse atatu sanandigulenso. M'khola muja lero mumakhala makala.