Tsiku Limene Bambo Anakankha Galimoto

Lachinayi, 15 Disembala 1938

Ndinadzuka ndi chimwemwe chondilepheretsa kumwa tiyi. Sukulu tatsekera, ndipo bambo anandilonjeza kuti lero ndikaona galimoto yatsopano ikutsika m'sitima. Chichokereni ku Nyasaland, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, bambo akugwira ntchito pagalaja yogulitsa magalimoto m'tauni muno. Galimoto ikafika pasiteshoni, ndi iwo amene amaithira mafuta, kuiliza, n'kuiyendetsa mpaka kugalaja. Kulokeshoni kwathu ana amangowatcha mdala wa mota, kutanthauza mkulu wa magalimoto.

Ndinaima kunja kwa mpanda wa siteshoni nditanyamula chitini chawo cha chakudya. Atavundukula lona, galimoto ija inaonekera. Sinali ngati zakale zija zimene alimi amanyamuliramo matumba a chimanga ndi nkhuku. Iyi inali yakuda, yaitali, yonyezimira moti mitengo ya mumsewu inkaoneka m'chitseko chake. Mipando inali ya nsalu yofewa.

Bambo anapukuta manja pa ovolosi n'kugwira chitseko. Pomwepo mzungu wa chipewa choyera, wotumidwa ndi eni fakitale, anawamenya dzanja ndi nyuzipepala.

"Ayikona, boyi," anatero powaletsa.

Bambo ali ndi imvi. Bwana wa galaja, amene wakhala nawo zaka zonsezi, anangoyang'ana nsapato zake.

M'malo mwawo analowa kalaliki wachizungu. Analiza injini katatu, katatu konse inatsokomola n'kuzima. Bambo ananena motsitsa mawu choyenera kukoka, koma palibe anawamvera. Kenako mzungu wa chipewa uja analamula kuti ikankhidwe. Bambo ndi anzawo anayi anawakulunga nsanza m'manja kuti asadetse utoto, ndipo anaikankha msewu wotakata uja wonse, dzuwa lili paliwombo. Ine ndinkatsatira chapatali. Sindinafune kuti adziwe kuti ndaona, koma anatembenuka kamodzi ndipo maso athu anakumana.

Kugalaja ndinapezanso china. Khoma lakutsogolo aligumula, akuikapo galasi lalikulu. Bwalo lakumbuyo, kumene kumakhala malole akale ndiponso kumene anthu athu amagula zitsulo, akulisesa. Pachipata panaima bambo wina wa ku Ntcheu amene amagulitsa nkhuni, lole yake ikutuluka nthunzi. Anali atamubweza.

"Achimwene," wa nkhuni uja anafunsa bambo anga, "ndiye nkhalamba yangayi ndipite nayo kuti? Kwa asing'anga?"

"Akuti eni fakitale asiya kupanga magalimoto a anthu wamba," anayankha bambo. "Tsopano akufuna ogula ovala tayi. Bwana akapanda kukongoletsa malo, amulanda malondawa n'kupatsa wina."

"Tayi ndili nayo. Ndinakwatira nayo."

Palibe anaseka.

Madzulo tisanadye, bambo anatiuza zimene bwana wanena. Kuyambira Januwale sadzayendetsanso galimoto kapena kutsegula injini. Akafuna kukhala, avale jekete loyera azipukuta galasi lija. Akapanda kufuna, apite. Yankho likufunika Loweruka.

"Ndiye manja amenewo azigwira nsanza?" anafunsa amayi. Bambo anangoyang'ana zikhatho zawo. Ndakhala ndikukhulupirira, monga amatiphunzitsira kusukulu, kuti munthu akadziwa ntchito yake bwino palibe angamuchotsepo. Lero ndaona kuti galimoto imene bambo akanailiza ndi chala chimodzi yakankhidwa ngati ngolo, ndipo anthu ophunzira ndiwo analamula.

Ndinalimba mtima n'kufunsa. "Bambo, eni malole amene ankabwera kumbuyo kuja mumawadziwa onse?"

"Ndimawadziwa asanakhote n'komwe, mayi. Wa nkhuni injini yake imalira ngati ili ndi chifuwa. Wa makabichi imachita likhweru. Wa njerwa simufunika kumva, mumangoona utsi."

Apa anamwetulira koyamba lero. Anatchula ena asanu ndi mmodzi, ndi kumene aliyense amagona. Masipanala amene ali m'bokosi pansi pa bedi ndi awoawo, anagula imodziimodzi. Kuseri kwa nyumba yathu kuli malo pansi pa mtengo wa mabulosi okwanira lole imodzi. Zimenezi sindinanene, chifukwa bambo sakonda kufulumizitsidwa.

Mawa m'mawa ndithothola masamba apakati m'kope langa la chimangirizo, ndilembe makalata asanu ndi anayi, imodzi kwa mwini lole aliyense, kuwauza kumene angapeze mdala wa mota. Sinditumiza. Ndiwaika pamwamba pa bokosi la masipanala, kuti bambo awaone Loweruka lisanafike.