Tsiku limene agogo anagwira njinga ya mkamwini

Ndikamva fungo la dothi lonyowa la kudimba litasakanikirana ndi utsi wa nkhuni za paini wokwawa m'nkhungu ya m'mawa, ndimawaona agogo aNangozo, mayi wawo wa amayi anga, ali chiimire pakati pa njira kwathu ku Lobi, khasu paphewa, zala zili bii ndi matope a mbatatesi.

Agogo ankasunga mwambo mpaka kutopetsa. Bambo anga anali mkamwini pamudzipo, ndipo chikwatirireni anali asanayang'anizanepo maso ndi apongozi awowo. Akati akumane panjira, agogo ankapatukira m'chimanga, mame kaya chitedze osasamala. Mawu onse ankadzera mwa ine: "Kawauze bambo ako kuti mbuzi yawo yanditherera nyemba."

Tsiku lina amayi anagona ndi malungo, pamene mlongo wanga Yohane, yemwe anali atangoyamba kumene kuyenda, ankafunika kusikelo. Bambo anamukhazika pakaliyala ya njinga, namuuza kuti agwire lamba wa thalauza lawo, timiyendo tili lendelende pafupi ndi masipoko. Kutsogolo kunali mtsetse wamiyala wotsikira kumtsinje, umene ndi akulu omwe ankautsika akupemphera. Ine sindinaone cholakwika. Ana onse ankakwezedwa choncho, ndipo ena m'mudzimo ankatsimphina chifukwa cha zomwezo, anthu n'kumangoti ndi tsoka.

Bambo asanapite patali, agogo anatulukira kuchokera kudimba. Bambo anaimba belu kuti apongozi apatuke monga mwa masiku onse. Sanapatuke. Anaponya khasu pansi, nagwira mahandulo ndi manja awo amatopewo.

"Bambo a Yohane, mutsitseni mwanayo."

Bambo anayang'ana kumbali. "Amayi, tachedwa. Wagwiratu bwinobwino."

"Wagwira? Mwana uyu kamphepo kakangomuomba amagona. Akagona manja amasiya, phazi n'kulowa m'gudumu. Mukuyesa chidendene chimaphukiranso ngati nkhwani?"

Amayi ochokera kumjigo anaima ndowa zili pamutu. ANaphiri, oyandikana nafe, amene nkhani sinkawadutsa, anakuwa: "Anzathu inu, mwayamba liti kuyang'ana mkamwini m'maso? Mulipiratu nkhuku!"

"Katengeni ndi tambala yemwe," anayankha agogo osacheuka. "Manyazi anapha lambe. Mdzukulu wanga sapunduka chifukwa choti ine ndathawira m'chimanga."

Bambo anayesa kukoka njinga, koma agogo anaponda tayala lakutsogolo. "Mundiponde kaye ine, kenako mudutse." Ndinawamvera chisoni bambo, mwamuna wamkulu kuimitsidwa pamaso pa akazi a mudzi wonse, komabe ndinanyadira, ndipo mpaka lero sindibisa.

Mapeto ake bambo anamutsitsa Yohane. Agogo anamubereka ndi chitenje nayamba ulendo wa kusikelo wapansi, bambo akukankha njinga yopanda kanthu m'mbuyo mwawo, mutu uli pansi. Asanafike ndi pamtsinje pomwe, Yohane anali atagona kale, kamutu kali pendeke.

Panapita masiku angapo. Kenako ndinawapeza bambo kuseri kwa nkhokwe akudula chigubu chakale. Zidutswa zake anazimanga ndi waya uku ndi uku kwa gudumu kuti zitseke masipoko, nakhoma kathabwa kotsamira ndi timitengo topondapo mapazi, n'kuwonjezera kansalu komangira mwana m'chiuno. Agogo anabwera, nagwedeza kampandoko mwamphamvu ngati akuyesa mpini wa khasu. "Ndipo pamtsetse paja muzitsika n'kukankha," anatero, akuwauza okha pamaso. Nkhuku ija sanapereke, ndipo palibe analimba mtima kukaitenga.

Lero ndimakhala pa boma pa Dedza. Ndikaona wakabaza wakhazika kamwana kumbuyo miyendo ili lendelende, ndimaima kutsogolo kwake, kaya ndimamudziwa kaya ayi. Ena amandinena kuti ndine mayi wolongolola, ena amati ndi mwana wanu kodi. Anene. Yohane ndi bambo wa ana atatu tsopano, ndipo amakwera phiri la Dedza ndi mapazi ake onse awiri, chifukwa nkhalamba ina inakana kupatuka.